Gofu wa pachinzake: chikho cha pachaka chimalimba handicap ikakhala yoona

Munthu wa ku Liwonde amene wakonda masewero a gofu amayamba wawerengera mafuta a galimoto asanawerengere mashoti ake. Bwalo lodziwika lomwe lili pafupi naye ndi la Zomba Gymkhana Club, pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kudzera mumsewu wa M3. Wa ku Balaka amawonjezerapo makilomita ena pafupifupi 30 a mumsewu wa M8, ndipo wa ku Ntaja kapena ku Nselema ndiye ulendo wake umatalikirapo. Kwina komwe angalowere ndi ku Mangochi, ku bwalo la Mlambe la pa Makokola m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, koma nako ndi kutali kuposa ku Zomba.

Kaamba ka mtundawu, nkovuta kuti wosewera wa m'maboma a Machinga ndi Balaka azigwira ndodo sabata ndi sabata monga amachitira anzake a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chomwe chimatheka mosavuta ndi zomwe magulu a mabwenzi amachita m'maiko ambiri: kusankha tsiku limodzi pachaka, kusonkherana ndalama, kugula chikho ndi kukapikisana okhaokha. Mpikisano wotere sukhala ndi kampani yothandiza, oyimbira kapena atolankhani. Komabe umayenda pa malamulo omwewo omwe amayendetsa mipikisano ikuluikulu, ndipo pali nambala imodzi yomwe imaumanga kapena kuupasula. Nambalayo imatchedwa handicap, ndipo ndi yomwe imavuta kwambiri pakati pa anthu osewera mwa apo ndi apo.

Chifukwa chake mabwalo ali kutali

Mapu a mabwalo a gofu m'dziko muno amatsatira komwe kudali boma la atsamunda, malonda awo ndi minda ikuluikulu. Blantyre Sports Club idakhazikitsidwa mu 1896. Zomba idali likulu la dziko mpaka mu 1975, ndipo kalabu ya Gymkhana idali malo osangalalirako akuluakulu a boma achizungu. Ku Limbe kudali fodya ndi njanji, ku Mulanje ndi ku Thyolo kudali tiyi, pomwe mabwalo a ku Nchalo ndi ku Dwangwa adabwera ndi minda ya nzimbe. Balaka, yomwe idali mbali ya boma la Machinga mpaka mu 1998, idakula ndi thonje la alimi ang'onoang'ono komanso siteshoni ya sitima. Machinga imadalira mpunga, fodya ndi nsomba za ku Chilwa ndi Chiuta. Chuma chotere sichimanga nyumba ya kalabu.

Palinso nkhani ya malo ndi madzi. Bwalo la maenje 18 limadya mahekitala 50 kapena kuposerapo, pomwe maanja ambiri a alimi m'chigawo chakum'mwera amalima munda wosafika hekitala imodzi. Udzu wa pamalo ozungulira dzenje, omwe osewera amawatcha green, umafuna kuthiriridwa ndi kumetedwa pafupipafupi, chonsecho Balaka ndi limodzi mwa maboma omwe mvula imavuta. Ngakhale ku Liwonde komwe mtsinje wa Shire umadutsa, madziwo ali kale ndi ntchito yaikulu: damu la Kamuzu Barrage limawasunga ndi kuwatulutsa moyeza kuti makina opanga magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira asaime. M'madera ouma a mu Africa ndi ku Australia anthu adapeza njira yopanga green ndi mchenga wosalazidwa m'malo mwa udzu, koma ngakhale bwalo lotero limafuna malo aakulu ndi gulu la anthu okonzeka kulisamalira chaka chonse.

Choncho mabwenzi a m'maboma awiriwa akafuna chikho chawo, amakhala alendo pabwalo la eni. Bwalo la ku Zomba ndi la maenje 9, kutanthauza kuti ofuna kukwanitsa maenje 18 amalizungulira kawiri. La Mlambe nalo ndi la maenje 9, koma onse ndi afupiafupi, a mtundu wa par 3.

Mmene handicap imagwirira ntchito

Cholinga cha gofu nchosavuta kuchimva: kulowetsa kampira m'dzenje lotambalala mamilimita 108 ndi mashoti ochepa mmene kungathekere. Dzenje lililonse lili ndi par, yomwe ndi nambala ya mashoti omwe katswiri amayembekezereka kumenya kuti alowetse mpira, kawirikawiri 3, 4 kapena 5. Maenje 18 akaphatikizidwa, par ya bwalo lonse imakhala pafupi ndi 72.

Pabawo, masewero omwe anthu a ku Machinga safuna kuuzidwa, wodziwa amadya wosadziwa tsiku lililonse, ndipo wophunzira amangopirira mpaka dzanja lake litakhwima. Gofu adasankha njira ina. Wosewera aliyense amapatsidwa nambala yosonyeza mashoti omwe amapyola nawo par akasewera bwino, ndipo nambalayo imachotsedwa pa mashoti omwe wamenya tsiku la mpikisano.

Tiyerekeze kuti wamalonda wa ku Liwonde ali ndi handicap ya 9, pomwe mphunzitsi wa ku Balaka ali ndi 27. Wamalonda wamaliza maenje 18 ndi mashoti 83, mphunzitsi ndi 98. Poyang'ana ndi maso, wamalonda wapambana ndi mashoti 15. Koma akachotsa handicap, wamalonda atsala ndi 74 ndipo mphunzitsi atsala ndi 71. Chikho chipita ku Balaka. Mphunzitsi sadamenye bwino kuposa mnzake, koma wasewera bwino kuposa mmene iye mwini amasewerera nthawi zonse, ndipo izi ndi zomwe mpikisano wa handicap umayesa. Ndi chifukwa chake gogo wa zaka 70, mdzukulu wake ndi mayi amene wayamba masewerowa chaka chatha angathe kulimbirana chikho chimodzi popanda wina kuoneka ngati wangobwera kudzaperekeza.

Kuyambira mu 2020, mabungwe awiri omwe amayang'anira malamulo a gofu padziko lonse, R&A ya ku St Andrews ku Scotland ndi USGA ya ku America, adagwirizana njira imodzi yowerengera, yotchedwa World Handicap System. Njirayi imatenga makhadi 20 omalizira a wosewera, nkusankhapo 8 abwino koposa, nkupeza pakatikati pake. Imaganiziranso kuvuta kwa bwalo lomwe munthu waseweramo, poti mashoti 90 pabwalo lamapiri ndi mitengo yambiri sangafanane ndi mashoti 90 pabwalo lachidikha. Handicap yokwera kwambiri yomwe munthu angakhale nayo ndi 54. Woyamba kumene angapatsidwe nambala yake akapereka makhadi a maenje 54, ndipo makhadi a maenje 9 amaloledwa. Kwa munthu wa ku Liwonde, izi zikutanthauza kuzungulira bwalo la ku Zomba maulendo 6.

Apa ndi pomwe mtunda umabala vuto. Wa ku Blantyre amene amasewera Loweruka lililonse amakwanitsa makhadi 20 m'miyezi isanu, ndipo nambala yake imayenda limodzi ndi dzanja lake. Wa ku Balaka amene amafika pabwalo kanayi pachaka zingamutengere zaka zisanu kuti afike pa makhadi 20. Nambala yake imanena za munthu wa zaka zapitazo. Mwina pakatipa wakhala akumenya mipira padambo madzulo aliwonse ndipo wakhwima, kapena msana wayamba kumuvuta ndipo wabwerera m'mbuyo. Handicap yake siyidziwa zimenezi. Akapambana chikho ndi mashoti ochepa modabwitsa, anzake amayamba kunong'onezana pobwerera kwawo, ngakhale iye sadabe kanthu.

Koma alipo amene amabadi. Wosewera wochenjera amapereka makhadi a masiku omwe wasewera moipa okha, a masiku abwino nkuwasunga m'thumba, kuti nambala yake ikwere podikira tsiku la chikho. Ena amachita kuphonya dala pamaenje omalizira akaona kuti khadi likukongola. Kumbali ina kuli wonyada, amene amafuna nambala yotsika kuti aziyamikiridwa ku bala. Ameneyu amadzipweteka yekha, kupatula ngati ali m'timu, pomwe amagwetsa ndi anzake omwe.

Magulu omwe mipikisano yawo yakhalitsa amathana ndi izi chaka chisanathe, osati m'mawa wa tsiku la mpikisano. Amasunga buku limodzi momwe mumalembedwa khadi lililonse la membala, labwino ndi loipa lomwe. Amagwirizana chiwerengero cha makhadi omwe munthu ayenera kupereka pachaka kuti aloledwe kulimbira chikho. Ambiri amadula mashoti angapo pa handicap ya amene wapambana kuti chaka chotsatira asangodutsa moyera. Lamulo lodulali ndi la gulu lokha, silikhudza nambala yomwe munthu ali nayo kukalabu, koma limathandiza kuti chikho chiziyenda m'makomo osiyanasiyana. Amene ali membala wa kalabu yomwe ili pansi pa Golf Union of Malawi, nambala yake yakukalabu ndiyo iyenera kukhala poyambira, chifukwa imayang'aniridwa ndi anthu omwe chikho cha gululo sichiwakhudza.

Stableford kapena matimu

Kuwerenga mashoti onse, monga m'chitsanzo cha wamalonda ndi mphunzitsi chija, kuli ndi nkhanza yake. Wosewera wa apo ndi apo akalowetsa mpira m'thengo padzenje lachiwiri nkumenya mashoti 12, tsiku lake lathera pomwepo, chonsecho wayenda makilomita 80 ndipo kwatsala maenje 16. Dokotala wina wa ku Britain, Frank Stableford, adaona vutoli nkukonza njira yowerengera mapointi, yomwe idagwiritsidwa ntchito pampikisano ku Wallasey Golf Club mu 1932 ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina lake.

Mu Stableford dzenje lililonse limaima palokha. Handicap ikachotsedwa, wofanana ndi par amapeza mapointi 2, wopyola par ndi shoti imodzi amapeza pointi imodzi, wochepera par ndi shoti imodzi amapeza 3, wochepera ndi mashoti awiri amapeza 4. Wopyola ndi mashoti awiri kapena kuposerapo sapeza kanthu, amangotola mpira wake nkupita padzenje lotsatira. Mashoti a handicap amagawidwa potsatira kuvuta kwa maenje, komwe kumalembedwa pakhadi kuyambira 1, lovuta koposa, mpaka 18. Mphunzitsi wa handicap ya 27 uja amalandira shoti imodzi padzenje lililonse, ndi yachiwiri pamaenje 9 ovuta kwambiri. Akamenya mashoti 6 padzenje lovuta la par 4, amawerengedwa ngati wamenya 4 ndipo amapeza mapointi 2. Amene wasewera molingana ndi handicap yake amathera pafupi ndi mapointi 36. Wopeza 38 kapena 40 wachita bwino zedi. Amene amabwera ndi 45 chaka chilichonse, buku lake liyenera kuonedwanso.

Kwa gulu lochokera kutali, Stableford ili ndi ubwino winanso: imafulumira. Palibe amene amakhala padzenje limodzi kumenya mpaka ka 14, ndipo anthu amanyamuka ku Zomba dzuwa likadalipo. Aliyense amene adatsikapo chitunda cha ku Machinga usiku, kumbuyo kwa galimoto yonyamula katundu wolemera, amadziwa phindu la ola limodzi lotere.

Njira ina ndi yogawana matimu awiri, ndipo kwa anthu a m'maboma awiriwa malire adalembedwa kale: a ku Machinga mbali iyi, a ku Balaka mbali inayo. Matimu amasewera motsanzira chikho cha Ryder Cup, chomwe chidayamba mu 1927 ndi mphatso ya Samuel Ryder, wamalonda wogulitsa mbewu wa ku England. Poyamba chinkalimbanitsa America ndi Britain, ndipo kuyambira mu 1979 chimalimbanitsa America ndi Ulaya yense. Osewera osalipidwa ali ndi chikho chawo chofanana nacho, Walker Cup, chomwe chidayamba mu 1922. M'kaseweredwe aka, kotchedwa match play, munthu amalimbana ndi mnzake mmodzi dzenje ndi dzenje. Wopambana maenje ambiri amapezera timu yake pointi imodzi, ndipo akafanana amagawana theka theka. Wa handicap yokwera amalandira kusiyana kwa manambala awo awiri, kotero mphunzitsi uja angalandire mashoti 18 kwa wamalonda, imodzi padzenje lililonse.

Matimu amathandizanso pa nkhani ya zida. Ndodo za gofu zimachokera kunja, ndipo kugwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kudakankhira mitengo yake kutali ndi matumba a anthu ambiri. Lamulo limalola munthu kunyamula ndodo zosapyola 14 ndipo limaletsa kubwereka ndodo ya wosewera wina mpikisano uli mkati. Koma anthu awiri omwe ali mbali imodzi amaloledwa kugwiritsa ntchito thumba limodzi bola ndodo zonse pamodzi zisapyole 14. M'kaseweredwe kotchedwa foursomes, awiriwo amamenya mpira umodzi mosinthana, ndiye thumba limodzi ndi mipira yochepa zimakwanira anthu awiri. Pabwalo la maenje afupiafupi ngati la Mlambe, ndodo zinayi kapena zisanu zimakwana.

Masewero opanda oyimbira

Mpira wamiyendo wa pachinzake ukavuta, amapeza munthu wodutsa nkumupatsa wezulo. Pagofu osewera amamwazikana m'magulu a anthu atatu kapena anayi pabwalo lonse, ndipo kawirikawiri munthu amakhala yekha kuseri kwa chitsamba ndi mpira wake. Akausuntha ndi phazi kuti ukhale pamalo abwino, palibe amene angaone. Malamulo amayembekezera kuti wosewera adzipatse yekha chilango.

Nkhani yomwe imakambidwa kwambiri pamfundoyi ndi ya Bobby Jones wa ku America, amene adali wosewera wosalipidwa pa nthawi yonse yomwe ankapikisana. Pampikisano wa US Open wa mu 1925 ku Worcester, m'chigawo cha Massachusetts, Jones adaona mpira wake ukusuntha pang'ono m'udzu pomwe ankakonzekera kumenya. Akuluakulu a mpikisano sadaone, koma iye adaumirira kuti amuwonjezere shoti imodzi. Pamapeto adafanana mashoti ndi Willie Macfarlane ndipo adagonja pobwereza. Patatha zaka zisanu, mu 1930, Jones yemweyo adatenga zikho zonse zinayi zikuluzikulu za nthawi imeneyo m'chaka chimodzi.

Khadi nalo lili ndi mwambo wake. Wosewera salemba mashoti ake, amalembedwa ndi mnzake, ndipo pamapeto onse awiri amasainira. Amene wasainira nambala yochepera pa mashoti omwe wamenyadi padzenje lina amachotsedwa mumpikisano. Amene wasainira nambala yokwera, nambalayo imakhala momwemo. Pa 14 April 1968, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 45, Roberto De Vicenzo wa ku Argentina adamenya mashoti atatu padzenje la 17 mumpikisano wa Masters, anthu ambiri akuonera pa kanema. Tommy Aaron, amene ankamulembera, adalemba 4. De Vicenzo adasainira osaonetsetsa, ndipo shoti yomwe sadamenyeyo idamulanda mwayi wobwereza ndi Bob Goalby, amene adatenga chikho. Ngati lamulo silidamvere chisoni munthu amene dziko lonse lidamuona, gulu la mabwenzi liyenera kugwirizana pasadakhale ngati lidzamvere chisoni mlamu wa wapampando.

Zolakwa zambiri za pachinzake sizichokera ku mtima wakuba, zimachokera ku ubwenzi womwewo. Mpira ukaima pafupi ndi dzenje, mnzake amati: "Tolani achimwene, umenewo walowa kale." Mu match play izi nzololedwa, chifukwa wopatsayo akudzimana yekha. Mu Stableford sizololedwa, chifukwa chifundo cha gulu limodzi chimabera anthu a m'magulu ena, ndipo wosalowetsa mpira sapeza pointi padzenjelo. Kufunsa mnzako wopikisana naye kuti wamenya ndi ndodo iti, kapena kumulangiza mmene angamenyere, kuli ndi chilango cha mashoti awiri mu Stableford. Kubwereza shoti yoyamba ikalakwika, komwe osewera amakutcha mulligan, kulibe malo m'malamulo. Mpira ukasowa, nthawi yofufuzira ndi mphindi zitatu zokha kuyambira mu 2019, pomwe kale zidali zisanu. Zikatha, wosewera amabwerera pomwe adamenyera ndi chilango cha shoti imodzi. Gulu lili ndi ufulu wofewetsa zina mwa izi kuti tsiku likome, koma likatero makhadi a tsikulo sangawerengedwe pa handicap yovomerezeka, ndipo kufewetsako kuyenera kukhala kwa onse, kolengezedwa mpira woyamba usanamenyedwe.

Munthu mmodzi yekha amene ali ndi ufulu wolangiza wosewera, kupatula mnzake wa m'timu, ndi womunyamulira ndodo, amene pabwalo amatchedwa caddie. Kwa mlendo wofika kamodzi pachaka, caddie wa pamalopo ndiye amadziwa komwe green imapendekera ndi komwe mphepo yotsika m'phiri la Zomba imakankhira mpira. Sizachilendo kupeza kuti wonyamula thumba amasewera bwino kuposa mwini thumba, poti m'maiko ambiri a mu Africa akatswiri a gofu adayambira pantchito yomweyi. Malipiro a caddie ayenera kulowa m'bajeti ya gulu limodzi ndi mafuta ndi ndalama zolipira pabwalo, osati kudikira zotsala m'thumba madzulo anthu atadutsa kale ku bala.

Ndalama ndi dzina la wosalipidwa

Pomwe pali mpikisano, ndalama sizichedwa kulowapo. Malamulo a osewera osalipidwa, omwe R&A ndi USGA adawakonzanso mu 2022, amaika malire. Wosewera wosalipidwa angalandire mphotho ya mtengo wosapyola mapaundi 700 a ku Britain kapena madola 1,000 a ku America. Mphotho ya ndalama zenizeni imaloledwa pokhapokha pampikisano wopanda handicap. Pampikisano wa handicap, monga wa mabwenziwu, mphotho iyenera kukhala katundu, osati ndalama. Chifukwa chake nchoonekeratu: nambala yomwe munthu angathe kuikweza yekha mwachinyengo isakhale njira yopezera ndalama. Chikho chenichenicho sichiwerengedwa m'malirewa, chimodzimodzinso mphotho ya amene walowetsa mpira ndi shoti imodzi yokha kuchokera poyambira.

Kubetcherana kwa pachinzake malamulowa sakuletsa, bola osewera akhale odziwana, wosafuna asakakamizidwe, ndipo ndalama zichokere m'matumba a osewera eni ake. Komabe kukula kwa ndalama kumasintha mtima wa mpikisano. Kubetcherana botolo la chakumwa kumabweretsa nthabwala. Kubetcherana ndalama yofanana ndi fizi ya mwana kumapangitsa munthu amene sadanamepo kuyamba kuiwala shoti yomwe adamenya m'thengo. M'gulu momwe muli wamalonda wamkulu ndi wogwira ntchito m'boma wodikira malipiro a pamwezi, ndalama yomwe ili nthabwala kwa wina imakhala nkhawa kwa mnzake, ndipo amene wapanikizika sanena, amangosiya kubwera chaka chotsatira. Mpikisano wa anthu 12 ukataya atatu motere, wayamba kufa.

Wofuna kusewerera ndalama njira ilipo, yomwe adatsata akatswiri a m'dziko muno monga Paul Chidale ndi Adam Sailesi, koma kumeneko kulibe handicap. Shoti iliyonse imawerengedwa momwe yamenyedwera.

Anyani, chulu ndi mphenzi

Malamulo oyamba olembedwa a gofu adali 13 okha, ndipo adakonzedwa ku Leith, ku Scotland, mu 1744. A lero ndi buku lonse, ndipo ena amaoneka ngati adalembedwera kuno. Nyani kapena khwangwala akatola mpira womwe udaima, wosewera amaubwezera pomwe udali popanda chilango. Mpira ukagwera pafupi ndi njoka yaululu kapena njuchi, wosewera amaloledwa kukauponya pamalo otetezeka omwe sali pafupi ndi dzenje kuposa pomwe udali, popandanso chilango. Mpira wolowa mu una wa mfuko umachotsedwa mwaulere. Koma maenje okumbidwa ndi tizilombo monga chiswe ndi nyerere saikidwa m'gulu limeneli, kotero mpira wotsamira pachulu umaseweredwa pomwepo pokhapokha ngati pali lamulo la pamalo lonena zina. Mlembi wa gulu ayenera kufunsa malamulo a pamalo kukalabu tsiku lisanafike, chifukwa mkangano wa pachulu umavuta kuuweruza anthu ataona kale amene upindulire.

Nyengo imasankha yokha tsiku. Miyezi ya May mpaka August ndi yozizira ndi youma, udzu ukadali ndi moyo. Mu October kutentha kwa ku Mangochi ndi chigwa cha Shire kumatopetsa munthu asanafike pakati, poti maenje 18 a bwalo lalitali ndi ulendo wapansi wa makilomita 8 kapena kuposerapo, wotenga maola anayi. Dzinja limabwera ndi mphenzi, ndipo munthu woima pamtetete atanyamula ndodo yachitsulo ali pangozi yeniyeni. Pa chifukwa ichi malamulo amalola wosewera aliyense kuima payekha akaona kuti mphenzi ikuopseza, osadikira chilolezo cha wina.

Chotsala ndi chomwe magulu ambiri amaiwala mpaka chitawagwera: anthu awiri akafanana mapointi, chikho nchandani? Ngati dzuwa likadalipo, angabwerere pabwalo nkusewera dzenje ndi dzenje mpaka wina atapambana. Ngati nthawi yatha, njira yomwe makalabu ambiri amatsata ndi yoyang'ana m'mbuyo pakhadi: amene wapeza mapointi ambiri pamaenje 9 omalizira ndiye wapambana, akafananabe amaona 6 omalizira, kenako atatu, kenako dzenje lomaliza. Pabwalo la maenje 9 ngati la ku Zomba, izi zikutanthauza kuti kuzungulira kwachiwiri, pomwe miyendo yalema ndipo dzuwa lafika paliwombo, ndiko kumagamula.